Sevilla m'nyengo ya Pasaka: mzinda wolira sabata imodzi, kenako n'kuvina

Mukaima m'kakhwalala kopanikizika ka mu Sevilla usiku wa sabata ya Pasaka, mdipiti umakupezani pang'onopang'ono. Kumayamba kumveka ng'oma chapatali, kenako fungo la lubani, kenako mizere ya anthu ovala mikanjo ndi zisoti zosongoka, nkhope zophimba, aliyense kandulo yaitali m'manja. Pamapeto pake pamatulukira chinsanja chonyezimira ndi golide, chonyamula chifanizo cha Yesu atasenza mtanda, chikuyenda chokha ngati chili ndi moyo. Mukawerama n'kusuzumira kunsi kwa nsalu yotchinga m'mbali mwake muona mapazi. Ndi mapazi a amuna 30, 40, mwina kuposa apo, ovala nsapato zopepuka, akukhwekhwereza pansi timasitepe tating'onoting'ono. Kunja sakuonako. Akuyendera mawu a munthu mmodzi amene ali kutsogolo.

Sevilla ndi likulu la chigawo cha Andalucía kummwera kwa Spain, mzinda wa anthu pafupifupi 700,000 m'mbali mwa mtsinje wa Guadalquivir. Alendo ambiri amapitako pofuna zinthu ziwiri zimene zimachitika motsatizana nyengo yachisanu ikangotha kumeneko, mu Malichi ndi Epulo: Semana Santa, sabata yoyera yokumbukira masautso a Yesu, ndi Feria de Abril, chisangalalo cha magule, mahatchi ndi vinyo chimene kawirikawiri chimayamba patapita masabata awiri Pasaka atadutsa. Amene amafika akuganiza kuti zimenezi ndi zionetsero zokonzera alendo amabwerako atasokonezeka. Zonse ziwiri zili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi timagulu ta anthu a mumzindamo. Mukadziwa kuti mwini wake wa chinthu ndani, mumadziwanso poima, nthawi yokhala chete, ndi khomo limene simungalowe popanda wokuitanani.

Eni ake a Semana Santa ndi mabungwe otchedwa hermandad, kutanthauza ubale. Ndi magulu a Akatolika wamba, osati ansembe. Gulu lililonse lili ndi tchalitchi chake, zifanizo zake, mtundu wake wa mkanjo, ndalama zake ndi atsogoleri ake osankhidwa. Mwana amalembetsedwa akangobadwa, m'gulu limene munali agogo ake. Chaka chonse amasonkha ndalama, amasamalira zifanizo, amathandiza osowa a m'dera lawo. Kuyambira Lamulungu la Kanjedza mpaka tsiku la Pasaka, magulu pafupifupi 60 amatuluka, lililonse pa tsiku lake ndi ola lake, kuchoka ku tchalitchi chawo kupita ku tchalitchi chachikulu cha mzindawo, Catedral, n'kubwerera kwawo. Iwo ulendowu amautcha estación de penitencia, ulendo wolapa. Lamulo loti onse azikafika ku Catedral analiika ndi Kadinala Fernando Niño de Guevara mu 1604, pofuna kuika dongosolo pa midipiti imene inkayenda mwachisawawa. A kutsidya la mtsinje, ku Triana, anapitiriza kupita ku tchalitchi chawo cha Santa Ana, chifukwa mlatho wokhawo umene unalipo unali wa mabwato omangidwa pamodzi. Gulu loyamba la ku Triana kuwoloka ndi zifanizo zake linali la La O, mu 1830, ndipo mlatho wachitsulo umene ulipo lero unatha mu 1852.

Anthu a zisoti zosongoka aja amatchedwa nazareno. Mlendo wakuda amene anaonapo zithunzi za gulu la atsankho la Ku Klux Klan la ku America mtima umamugunda akawaona koyamba, makamaka ovala zoyera. Palibe ubale uliwonse. Chisoti chimenechi, capirote, chinalipo ku Spain zaka mazana gulu la ku America lija lisanayambe, ndipo nsalu yophimba nkhope cholinga chake n'chakuti wolapa asadziwike kwa anthu. Ena amayenda opanda nsapato maola 10 kapena kuposa, ena amasenza mitanda yamatabwa. Kale anali amuna okhaokha. Mu 2011 bishopu wamkulu wa Sevilla analamula kuti magulu onse azilola amayi kuvala mkanjo, ndipo magulu ochepa amene ankakanabe anagonja. Ana a mumzindamo alibe nawo mantha ngakhale pang'ono. Amatambasula manja kupempha maswiti, ndipo ena amayenda ndi kampira ka phula, n'kumapempha nazareno aliyense kuti adonthezerepo phula la kandulo yake, kampirako n'kumakula chaka ndi chaka.

Chinsanja chonyamula zifanizo dzina lake ndi paso. Magulu ambiri amakhala ndi ziwiri. Choyamba chimaonetsa Yesu pa gawo lina la masautso ake, nthawi zina ndi asilikali achiroma, Pilato, ngakhale hatchi yonse yosema. Chachiwiri chimanyamula Maria wolira, atavala chofunda chachitali chopetedwa ndi ulusi wagolide, pansi pa denga lansalu loimikidwa pa mizati 12 yasiliva, makandulo ambirimbiri akuyaka patsogolo pake. Paso yaikulu imalemera kuposa tani imodzi, zina kufika matani awiri.

Apa ndi pamene pali luso limene ine ndimaona kuti ndilo mtima wa sabata yonseyi. Onyamula aja, ma costalero, amavala nsalu ya chiguduli kumutu, yopindidwa mwakuti kumbuyo kwa khosi kumakhala kamtsamiro, ntchito yake ngati ya nkhata. Kusiyana kwake n'kwakuti katunduyo sakhala paliwombo. Mitanda yopingasa ya kunsi kwa paso imatsamira pa fupa lotumphuka la kumunsi kwa khosi, ndipo munthu mmodzi amasenza makilogalamu 30 kapena 40. Amawaika m'mizere potengera kutalika kwawo kuti wina asapanikizike kuposa anzake, ndipo amayeserera usiku kwa miyezi ingapo, atasenzetsa chinsanja chopanda zifanizo matumba a mchenga kapena zidutswa za konkire. Wowatsogolera, capataz, amavala suti yakuda. Akafuna kuti anyamuke amaitana amene ali kumbuyo kwenikweni ndi dzina lake, amatchula amene akumupatsa ulemu pa kunyamulaku, mwina m'bale wodwala kapena amene wamwalira chaka chimenecho, kenako amafuula kuti «¡A ésta es!» n'kumenya kanyundo kasiliva kamene kali kutsogolo kwa paso. Onse amadzuka kamodzi, chinsanja chonse n'kudumpha m'mwamba, n'kuwagwera pakhosi ndi phokoso limene mumalimva m'mimba mwanu. Amayenda mphindi zochepa, n'kutula, n'kunyamulanso. Pa khomo la tchalitchi limene ndi lalifupi, monga la San Esteban, amagwada kapena kunyonyomala, n'kutuluka nacho pang'onopang'ono denga la Maria likutsala pang'ono kukhudza mwala, khamu lonse lili zii. Chikangotuluka bwinobwino anthu amaomba m'manja, bandi n'kuyamba nyimbo ya fuko.

Kale ntchito imeneyi inali ganyu. Ankaigwira amuna onyamula katundu padoko ndi m'misika, ndipo olemera a m'magulumo sankawawerengera. Zinasintha mu 1973, pamene gulu la Los Estudiantes, la ku yunivesite, linatulutsa paso yonyamulidwa ndi mamembala ake enieni. Lero maloya ndi madokotala amadikira zaka kuti apeze malo pansi pa chinsanja.

Usiku waukulu ndi wa Lachinayi Loyera kucha Lachisanu, umene amautcha La Madrugá. Magulu 6 amatuluka: El Silencio, El Gran Poder, La Macarena, El Calvario, La Esperanza de Triana ndi Los Gitanos. Kuti muone kuti Sevilla si mzinda wa mtima umodzi, onerani awiri. El Gran Poder amayenda ndi mikanjo yakuda, opanda bandi. Chifanizo chawo anachisema Juan de Mesa mu 1620: Yesu wankhope yakuda ndi yotopa, phazi limodzi lili patsogolo, ndipo mkanjo wake ukamagwedezeka amaoneka ngati akuyendadi. Akamadutsa, mumsewu wodzaza anthu zikwizikwi mumangomveka kukhwekhwereza kwa mapazi. Mukalankhula mokweza, oyandikana nanu akutontholetsani, ndipo sadzachita mwaulemu. La Macarena ndi dziko lina. Amatuluka pakati pa usiku n'kubwerera masana a Lachisanu, ndi anazareno zikwi, mabandi, ndi gulu la amuna ovala ngati asilikali achiroma, nthenga zoyera za nthiwatiwa kumutu. Maria wawo ali ndi misozi 5 yagalasi pamasaya, ndipo pachifuwa pake pali timaluwa 5 tobiriwira tonjenjemera timene anapereka wosewera ndi ng'ombe zamphongo wotchuka, Joselito el Gallo. Joselito ataphedwa ndi ng'ombe mu 1920, Maria ameneyu anavekedwa zakuda. Anthu amamukuwira kuti «¡Guapa!», kutanthauza wokongola, amamuwaza maluwa kuchokera pamwamba pa nyumba, ndipo amuna akuluakulu amalira osabisa. Nthawi zina wina pakhonde lam'mwamba amayamba saeta, nyimbo yachisoni ya munthu mmodzi yopanda choimbira, paso n'kuima mpaka amalize.

Pali gulu limodzi limene mlendo wochokera ku Africa ayenera kulidziwa. Limatuluka madzulo a Lachinayi Loyera, ndipo aliyense amalitcha Los Negritos. Chiyambi chake n'cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, pamene bishopu wamkulu Gonzalo de Mena anakhazikitsa nyumba yosamaliramo anthu akuda odwala ndi osiyidwa. M'zaka za m'ma 1500 Sevilla unali umodzi wa mizinda ya ku Ulaya yokhala ndi akapolo ambiri ochokera ku Africa, ndipo gulu limeneli linali lawo, akapolo ndi omasulidwa omwe, mpaka m'zaka za m'ma 1800 pamene anthu akuda anachepa mumzindamo azungu n'kuyamba kulowa. Ndi limodzi la magulu akale kwambiri mu Sevilla. Golide amene amanyezimira pa ma paso ali ndi mbiri, ndipo si yonse yokoma. M'tchalitchi cha La Macarena momwemo munagona mtembo wa Gonzalo Queipo de Llano, mkulu wa asilikali a mbali ya Franco (yemwe pambuyo pake analamulira Spain mwankhanza) amene anapha anthu ambiri mu Sevilla nkhondo yapachiweniweni itayamba mu 1936. Anaufukula n'kuuchotsamo mu Novembala 2022.

Zothandiza pa sabata imeneyi n'zochepa. Njira yomaliza imene magulu onse amadutsa, kuchokera pa La Campana kudzera mu msewu wa Sierpes ndi bwalo la San Francisco kukafika ku Catedral, ndi yotchingidwa, ndipo mipando yake anthu amalipiriratu, mabanja ambiri chaka ndi chaka. Musataye nayo nthawi. Pezani ndandanda ya maola, imene imagawidwa ulere ndipo ili pa intaneti, n'kukadikira gulu pamene likutuluka m'tchalitchi chake, pamene likuwoloka mlatho wa Triana, kapena usiku likubwerera kwawo makandulo atafupika. Musadutse pakati pa mizere ya anazareno a magulu oyenda mwachete. Khamu likayamba kuthamanga popanda chifukwa, monga zinachitikira usiku wa La Madrugá mu 2000 ndi mu 2017, tsamirani khoma. Ndipo dziwani kuti mvula imathetsa zonse. Zifanizo zamatabwa za zaka 400 sazitulutsa kunja kukugwa madontho, ndipo mu 2024 palibe ndi limodzi lomwe la magulu 6 aja limene linatuluka. Tikiti ya ndege sabweza chifukwa cha mitambo.

Catedral imene onse amalowamo ili pamalo pamene panali mzikiti waukulu. Asilamu analamulira Sevilla zaka zoposa 500, mpaka mfumu Fernando III atalanda mzindawo mu 1248. Akhristu anapemphera mu mzikiti womwewo kwa zaka zoposa 150, kenako mu 1401 anagwirizana zougwetsa n'kumanga tchalitchi chimene lero ndi chachikulu kuposa matchalitchi onse a mamangidwe a Gothic padziko. Zinthu ziwiri anazisiya. China ndi bwalo la mitengo ya malalanje pamene Asilamu ankasamba asanapemphere. China ndi nsanja yoitanira mapemphero, imene inamangidwa pakati pa 1184 ndi 1198, ndipo mu 1568 anamaliza kuiwonjezera chipinda cha mabelu pamwamba. Ndiyo Giralda, yotalika mamita oposa 100. Mkati mwake mulibe masitepe mpaka chakumapeto: mumakwera pa zitunda zotsetsereka zoposa 30, zotakata mokwanira kuti munthu akwere ali pa chiweto. Dzina lake likuchokera ku chifanizo chamkuwa cha mzimayi chimene chili pansonga, chimene chimatembenuka ndi mphepo. Mkati mwa tchalitchi muli manda a Cristóbal Colón, amene ambiri timamudziwa kuti Columbus, bokosi lake litanyamulidwa ndi zifanizo 4. Mafupa ake anayenda maulendo ngati mwini wake, mpaka anabwera kuchokera ku Havana Spain itataya Cuba mu 1898.

Pafupi pomwepo pali Alcázar, nyumba yachifumu imene mbali yake yokongola kwambiri anamangitsa ndi mfumu yachikhristu Pedro I m'ma 1360, koma amisiri ake anali Asilamu, ndipo pamakoma pali malemba a Chiarabu otamanda mfumuyo. Matikiti ake gulirani pa intaneti masiku angapo musanapite. Pakati pa ziwirizi pali Archivo de Indias, mosungira makalata a ulamuliro wa Spain ku America, ndipo kulowa n'kwaulere. Malo atatuwa UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1987. Chuma chomangira ndi kukongoletsa zambiri za mumzindamu chinabwera pamtsinje. Kuyambira 1503 malonda onse a pakati pa Spain ndi America ankayenera kudzera pa Sevilla, ngakhale kuti mzindawu uli makilomita pafupifupi 80 kuchokera kunyanja. Zombo 5 za woyenda panyanja Magellan zinanyamukira pano mu Ogasiti 1519, ndipo chimodzi chokha, Victoria, chinabwerera mu Seputembala 1522 ndi amuna 18, chitazungulira dziko. Mliri wa mu 1649 unapha pafupifupi theka la anthu a mumzindamo, mchenga unkatseka njira ya zombo zikuluzikulu, ndipo mu 1717 ofesi ya malondawo inasamukira ku Cádiz. Plaza de España, bwalo lalikulu la matailosi limene limapezeka pa chithunzi cha mlendo aliyense, ndi la posachedwa: analimangira chionetsero cha mu 1929.

Pasaka akadutsa, misewu imakhala yoterera ndi phula, matayala a galimoto n'kumalira pokhota. Posakhalitsa amayi amene Lachinayi Loyera anavala zakuda ndi nsalu yoluka kumutu amatulutsa madiresi a madontho okhala ndi mipendero yambirimbiri, duwa lalikulu pamutu. Feria yafika, ndipo zaka zimene Pasaka wachedwa imalowa mpaka mu Meyi ngakhale dzina lake likunena Epulo.

Inayamba ngati msika wa ziweto. Makhansala awiri, José María Ybarra wa ku Basque ndi Narciso Bonaplata wa ku Catalonia, zigawo zina za Spain, ndiwo anapereka ganizolo mu 1846, ndipo msika woyamba unachitika mu Epulo 1847 pa Prado de San Sebastián. N'zoseketsa ndithu kuti chinthu chimene anthu a ku Sevilla amadzitama nacho kwambiri anachiyambitsa ndi anthu obwera. Ogulitsa ng'ombe ndi mahatchi ankamanga zisakasa zokhalamo, kumadyera ndi kumwera momwemo, ndipo m'kupita kwa zaka ziweto zinatha, zisakasa n'kutsala. Mu 1973 Feria inasamukira ku Los Remedios, kutsidya la mtsinje, kumene chaka chilichonse kumamera tauni yansalu ya zisakasa zoposa 1,000 zamizeremizere yobiriwira kapena yofiira, m'misewu yotchedwa mayina a osewera ndi ng'ombe. Usiku woyamba eni zisakasa amadya nsomba zokazinga, ndipo pakati pa usiku magetsi onse amayatsidwa, kuyambira pa chipata chachikulu chimene amachimanga mwatsopano chaka chilichonse.

Apa ndiye alendo ambiri amakhumudwa, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Chisakasa, caseta m'chinenero chawo, ndi nyumba ya munthu. N'cha banja, kagulu ka abwenzi, kampani kapena kalabu, amene amasonkha ndalama chaka chonse, ndipo pakhomo pamaima mlonda. Anthu amadikira zaka zambiri kuti khonsolo iwapatse malo. Semana Santa imachitikira mumsewu, wolemera ndi wosauka amapanikizana limodzi. Feria imachitikira m'kati, ndipo wopanda womudziwa amangoyendayenda panja, kusuzumira anzake akuvina. Ngakhale anthu a mu Sevilla momwemo amadandaula nazo. Zilipo zisakasa zochepa zolowa aliyense, za maboma ang'onoang'ono a mumzinda, za zipani zandale ndi za mabungwe a apantchito, ndipo mapu ake amapezeka pachipata. Koma munthu wa kumeneko akakuitanani ku caseta yake, pitani, valani bwino, ndipo musathamangire kutulutsa chikwama: kawirikawiri wokuitanani ndiye amalipira, ndipo mwambo wake n'ngwakuti mumubwezere ulemu nthawi ina.

Gule wake ndi sevillanas, wovina awiriawiri, wa zigawo 4, oyang'anizana, opitana, manja m'mwamba, osagwirana kwenikweni. Si flamenco yeniyeni, nyimbo ndi gule wotchuka wa ku Andalucía, ngakhale ndi pachibale. Flamenco yozama, imene Aromani (mtundu wa anthu otchedwa gitanos ku Spain) a ku Triana ndi a m'matauni oyandikana anaisunga, mukaimvere m'tinyumba tating'ono mumzinda usiku wina. Sevillanas amavina aliyense, agogo ndi adzukulu, odziwa ndi osadziwa. Chakumwa ndi rebujito, vinyo woyera wa manzanilla kapena fino wosakaniza ndi soda wa mandimu ndi ayezi, chimene chimatsika ngati madzi mpaka mutayesa kuimirira. Kuyambira masana mpaka 8 koloko madzulo misewu ya Feria ndi ya mahatchi ndi ngolo, amuna atavala majekete aafupi ndi zipewa za mlomo wotambalala, amayi atakhala cham'mbali kumbuyo kwawo. Madzulo omwewo ku bwalo la La Maestranza kumakhala masewera opha ng'ombe zamphongo, amene a Spain eni ake amagawanika nawo kwambiri, ndipo palibe adzakudabweni mukapanda kupitako. Pansi ponse pa Feria pamathiridwa dothi lachikasu lotchedwa albero. Nsapato zanu zabwino zisiyeni ku hotela.

Mitengo ya malo ogona imakwera kwambiri m'masabata awiriwa, choncho kusungitsa malo miyezi ingapo pasadakhale si kukokomeza, ndipo wa pasipoti ya Malawi kapena Zambia awerengerenso nthawi yopezera viza ya Schengen, yolowera ku Spain ndi maiko ena a ku Ulaya. Kuchokera ku Madrid, sitima yothamanga ya AVE, imene inayamba mu 1992, imatenga maola awiri ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Konzekeraninso mimba: nkhomaliro ndi 2 koloko kapena 3, mgonero suyamba 9 koloko isanakwane. Malalanje amene ali m'misewu monsemo musathyole kuti mudye. Ndi owawa, ndipo ntchito yake yotchuka ndi jamu amene a ku Britain amapaka pa buledi. Phindu lake kwa inu ndi maluwa, amene fungo lake limadzaza mzinda wonse cha mu Malichi n'kusakanikirana ndi lubani.

Amene waphonya zonse ziwiri n'kufika mu Julaye, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo masana misewu imakhala pululu, awolokere ku Triana chakumapeto kwa mweziwo. Kumakhala Velá de Santa Ana, chisangalalo cha anthu a m'deralo m'mbali mwa mtsinje, ndipo zisakasa zake amalowa aliyense. Madzulo amaimika bwato pakati pa Guadalquivir, lokhala ndi mtengo wautali wopakidwa mafuta wotulukira pamwamba pa madzi, kambendera kali kunsonga. Anyamata amathamangapo mmodzimmodzi, ambiri n'kugwera m'madzi asanafike n'pakati pomwe, anthu ali pamlatho n'kumaseka.